Ngwazi Yoseketsa pa Muyeso wa ku Henga

Munthu amene atsika ndi msewu waukulu wa M1 kuchokera ku Mzuzu, atadutsa pa Ekwendeni ndi pa Bwengu, nalowa m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, kumene mtsinje wa South Rukuru uyenda mofatsa pakati pa minda ya fodya ndi ya chimanga usanagwere m'matanthwe olowera kunyanja, akaima pa Phwezi dzuwa litapendeka, kapena akafika ku Mhuju pa msewu wokwera ku Livingstonia, adzamva phokoso limene makolo a chigwachi sanalimvepo masiku awo onse. Ndilo phokoso la zibakera, la mfuti ndi la magalimoto ogubuduzika, lotuluka m'chimkuzamawu chimene mwini vidiyo wachiika dala pakhomo kuti chiitane odutsa. Ndipo pamwamba pa zonsezo pamveka mawu a womasulira, amene asandutsa Chingerezi, Chitchaina ndi Chihindi kukhala Chichewa cha m'tauni, napatsa akatswiri a ku Hollywood mayina a kwathu kuno, nawaika m'kamwa nthabwala zimene olemba filimuyo sanazilote n'komwe. Ana osowa ndalama ya pakhomo asuzumira m'ming'alu, ndipo anyamata amene aweruka ku chigafa akhala pamabenchi ndi kuseka mpaka misozi.

Anthu amenewa sanawerengepo buku la kalembedwe ka kanema, komatu ndiwo oweruza amene mlembi aliyense wa kwathu ayenera kuwaopa, pakuti aona ngwazi zouluka zambirimbiri, ndipo adziwa msanga pamene nkhani yafooka. Chotero ngati mnyamata kapena mtsikana wa m'chigwachi atalemba sewero la kanema la ngwazi ya mphamvu zodabwitsa, koma loseketsa, nabwera nalo kwa wamkulu kuti aliyese, wamkuluyo afunika kufunsa mafunso awiri, ndipo asawasakanize. Mlimi wa fodya wa ku Henga adziwa kuti ubwino wa tsamba ndi mtengo wake ku okushoni ya ku Mzuzu sizigona nyumba imodzi. Belo labwino likhoza kubwerera losagulidwa, pamene lina losaoneka bwino lapita. Sewero nalonso liyesedwa kawiri: koyamba ngati lili ndi mphamvu mwa ilo lokha, kachiwiri ngati alipo amene angatulutse ndalama chifukwa cha ilo.

Chitsanzo chenicheni chimene tingayesere nkhani imeneyi sichili kutali, chili kwa abale athu a ku Lusaka. Malenga Mulendema, mlembi wa ku Zambia, anali mmodzi mwa anthu asanu ndi atatu amene anasankhidwa m'chaka cha 2015 pa mpikisano wa nkhani wa Triggerfish, kampani ya makatuni ya ku Cape Town. Ganizo lake linali la atsikana anayi a sukulu, okhala mu Lusaka wa m'tsogolo, amene aitanidwa ndi mayi wachikulire, Mama K, kazitape wopuma pantchito, kuti apulumutse mzinda wawo kwa anthu oipa. Netflix inalengeza mu 2019 kuti yatenga nkhaniyi, ndipo inayamba kuonetsedwa pa 20 July 2023 ndi dzina lakuti Supa Team 4, nkhani ya makatuni yoyamba ya ku Africa imene Netflix inadzipangitsira yokha. Maonekedwe a anthu ake anajambulidwa ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, nyimbo yake yotsegulira inaimbidwa ndi Sampa the Great, ndipo olemba zigawo zake anali akazi a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa. Owerenga awerengere okha: kuchokera pa ganizo mpaka pa kanema panapita zaka zisanu ndi zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene akuganiza kuti adzalemba mwezi uno ndi kudya phindu lake mwezi wa mawa, achite bwino kukalima soya.

Kodi mphamvu ya nkhani ya Mulendema ili pati? Sili pa kuthamanga kwa atsikanawo, kapena pa zida zawo, pakuti zimenezo tinaziona kale kwa ena amene ali ndi ndalama zochuluka kuposa iye. Mphamvu yake ili pa kusowa. Ngwazi zake zipulumutsa dziko ndi thumba lopereweza. Mtsogoleri wawo ndi mayi wogulitsa zipatso. Mnzawo wokhulupirika ndi mbuzi yotchedwa Chomps. Magetsi azima mu mzinda wawo monga azimira kwathu. Ndipo zikatha nkhondo, ntchito ya kusukulu ndi mafunso a makolo ziwadikira kunyumba. Pamenepo ndipo pagona chiseko chimene sichifuna kumasuliridwa, ndicho chiseko cha munthu amene wapatsidwa ntchito yaikulu ndi zipangizo zazing'ono. Ngakhale m'Malemba, amene ana a ku Henga awadziwa bwino chifukwa cha sukulu za mishoni ya Livingstonia, chimene mwana sachiiwala pa nkhani ya Davide ndi Goliati si kugwa kwa chiphona kokha, komanso kamnyamata kaja kovekedwa zida za mfumu Sauli, kakulephera kuyenda nazo, mpaka kazivula ndi kukatola miyala kumtsinje.

Anthu a ku Kenya anafika pamfundo yomweyi podzera njira ina, ndipo mwa maganizo anga iwo ndiwo anafika pakatikati penipeni. Supa Modo, filimu ya Likarion Wainaina imene inaonetsedwa koyamba pa chikondwerero cha makanema cha ku Berlin mu 2018, isimba za Jo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi wodwala nthenda yosachiritsika, amene mtima wake wonse uli pa ngwazi za m'makanema. Mayi wake amutulutsa m'chipatala kuti akatsirizire masiku ake kwawo. Mkulu wake, posafuna kumuona akungogona, anyengerera mudzi wonse kuti uzichita ngati mwanayo alidi ndi mphamvu, kotero kuti iye akatambasula dzanja, anthu aima chilili ngati awuma. Pambuyo pake mudziwo ugwirizana kumupangira filimu yakeyake. Woonera aseka, kenaka apeza kuti akulira, osadziwa pamene chinasinthira. Mu filimu yonseyo mulibe chozizwitsa chodula mtengo. Chozizwitsa chake ndi anthu a m'mudzi, ndipo anthu a m'mudzi ku Henga aliko ochuluka.

Tsono tibwere kwathu, pakuti pano pali chinthu chimene mlembi wa ku America sachidziwa, chimene kwa mlembi wa ku Henga chili chuma ndiponso msampha. Ku New York munthu akaoneka akuuluka usiku pamwamba pa nyumba, anthu aombera m'manja nati wabwera mpulumutsi. Ku Mhuju munthu akaoneka akuuluka usiku, palibe amene adzaombera m'manja. Mbandakucha nkhani idzakhala itafika kwa anyakwawa, ndipo anthu adzayamba kufunsa kuti lichero anakwera lili kuti, ndi kuti anamuphunzitsa ndani. Mphamvu yosadziwika gwero lake, kwathu kuno ili ndi dzina limodzi lokha. Boma la Rumphi lomweli ndilo kwawo kwa Nchimi Chikanga, amene m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu ankamulondola kuchokera ngakhale ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia kuti awachotsere ufiti; ndipo lamulo la za ufiti la 1911, limene liletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, silinachotse mantha m'mitima. Mlembi wochenjera adzaona kuti sewero lake lagona pomwepa: ngwazi imene itapulumutsa basi yotsetsereka pa Chiweta, m'malo molandira ulemu, iitanidwa ku bwalo kukafotokoza kumene inatenga mphamvuzo, abusa afuna kuyipempherera, sing'anga akuti mankhwalawo ndi ake ndipo sanalipidwe, ndipo amayi ake omubereka achita manyazi kupita kuchigayo. Nthabwala zoterezi sangazibe kwa munthu wina aliyense, ndipo palibe wa kunja amene angazilembe.

Koma msampha nawo uli pomwepo, ndipo woyesa sewero asauwoloke ndi maso otsinzina. Dziko lino laona okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha kuganiziridwa ufiti, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo. Sewero limene litsiriza ndi kuonetsa kuti gogo wa kumapeto kwa mudzi ndiye mwini zoipa zonse, likhoza kuseketsa holo yonse, koma lidzakhala litanola nkhwangwa ya wina. Chiseko chiyenera kugwera onamizira anzawo, amantha ndi odyera pa mantha a anthu. Ndikadakhala ine woyesa, tsamba limeneli ndikadaliwerenga mofatsa kuposa ena onse.

Palinso nkhani ya chophimba kumaso. Ngwazi za kunja zibisa dzina lawo mwa kuvala chigoba, ndipo mzinda wa anthu mamiliyoni suzindikira. M'mudzi wa ku Henga, kumene aliyense adziwa mayendedwe a mnzake ali patali, kumene munthu adziwika ndi chiwongo chake, ndi ng'ombe za malowolo zimene atate ake anapereka, ndi ngongole imene ali nayo pa golosale, chigoba sichibisa kanthu. Ankhazi ake adzamuitana ndi dzina lake la ubwana ali pakati pa nkhondo, namutuma kuti akatenge nkhuni. Mudzi wonse udziwa, koma uchita ngati sudziwa, chifukwa cha ulemu. Ndipo ngwazi yotere singathawe maliro, singathawe chitukuko cha kuumba njerwa za sukulu, singakane mlamu wake amene akufuna kuti imunyamulire mabelo ulere. Makolo athu, m'nthano za Achewa ndi m'vidokoni za Atumbuka, sanakonde kwenikweni chinyama champhamvu. Anakonda Kalulu, wamng'ono, wabodza, waulesi, amene apambana ndi nzeru ndipo nthawi zina agwidwa nachita manyazi. Mlembi amene ngwazi yake ifanana ndi Kalulu kuposa Njovu wayamba bwino. Za ngwazi za m'mbiri, monga Kanyoli amene anatsogolera Ahenga pogalukira Angoni, kapena Mlowoka amene amakumbukiridwa pa Gonapamuhanya ku Bolero, azisiye pambali. Zimenezo zili ndi eni ake, ndipo eni akewo sadzaseka.

Zofooka za masewero otere zidziwika msanga, ndipo chachikulu ndicho kuchuluka kwa mawu. Nthabwala za Amalawi zinakulira pa wailesi ndi pa siteji. Izeki ndi Jakobo, ndiwo malemu John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene anamutsatira mu 2021, ankatha kugwetsa anthu ndi chiseko atangoima awiri n'kumakangana, popanda china chilichonse. Ndipo ana awo m'luso atengera zomwezo, kotero kuti makanema athu ambiri ndi anthu okhala pa sofa akulankhula. Pa kanema zimenezo sizikwanira, makamaka kanema wa ngwazi, amene moyo wake ndi kuchita. Woyesa atenge tsamba lililonse nadzifunse kuti, chimkuzamawu chitafa, kodi otsala m'holo angasekebe? Mr Bean amaseketsa ana a kumudzi amene sadziwa liwu limodzi la Chingerezi, ndipo womasulira alibe chowonjezerapo. Chofooka chachiwiri ndicho mdani wopanda nkhope. Munthu woipa amene afuna kulanda dziko lonse sawopsa mlimi wa ku Henga. Koma vendala wa sikelo yobera, kapena katapila amene alanda njinga chifukwa cha ngongole ya feteleza, ameneyo holo yonse idzamuzindikira asanatsegule pakamwa. Chachitatu, chimene ngakhale olemba akuluakulu chiwagwetsa, ndicho kuseka chilichonse mpaka pasatsale kanthu koopa. Ngati woonera sakhulupirira kuti ngwaziyo ikhoza kutaya chinthu chimene ichikonda, adzaseka theka la ola, kenaka adzatuluka kukagula chipisi.

Tifike pa funso lachiwiri, limene lili lowawa. Anthu akafuna kutsimikiza kuti makanema a ngwazi agulidwa, atchula Black Panther ya 2018, imene inapeza madola oposa 1.3 biliyoni, kapena Deadpool ya 2016, yoseketsa ndi yotukwana, imene inapangidwa ndi madola 58 miliyoni nibweza pafupifupi 780 miliyoni. Ziwerengerozo n'zoona, koma ndi fodya wa pamphepo. Ndalamazo zinatoledwa pakhomo pa nyumba za kanema zikwizikwi, ndipo m'chigwa cha Henga nyumba yotere mulibe ngakhale imodzi. Filimu ifika kuno kudzera kwa wobena, amene aikopera pa memori khadi kapena pa fulashi ndi ndalama yochepa. Kuchoka apo iyenda kuchokera pa foni kupita pa foni, ndipo mwini vidiyo aionetsa kangapo pa tsiku. Wobena adya, mwini vidiyo adya, wotchaja mafoni adya. Mlembi yekha ndiye agona ndi njala. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lilipo, ndipo bungwe la COSOMA limagawa ndalama zochokera ku msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi makanema, koma palibe amene angayambe kujambula filimu akudalira zimenezo.

Sikuti Amalawi sadziwa kupanga makanema. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana mphotho ya filimu yabwino ya kumwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inapambana yomweyo mu 2018, ndipo Fatsani ya Gift Sukali inatumizidwa ku mpikisano wa Oscar. Onsewa ndi makanema a nkhani zolemera, za mavuto a anthu, ndipo oweruza a kunja ndizo azikonda kwa ife. The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anaijambulira ku Kasungu nituluka pa Netflix mu 2019, inaonetsa dziko lonse kuti nkhani ya m'mudzi wa ku Malawi ikhoza kugulidwa. Koma ndalama zake ndi phindu lake zinali za ena. Sewero loseketsa lili pakati: kwa oweruza a zikondwerero lioneka lopepuka, kwa anthu wamba likondedwa koma silipiridwa.

Ogula enieni ndi ochepa, ndipo aliyense ali ndi chingwe chake. Makampani aakulu monga Netflix afuna nkhani imene mwana wa ku London ndi wa ku Lagos aimve mofanana. N'chifukwa chake atsikana a Mulendema, ngakhale ali a ku Lusaka, alankhula Chingerezi, ndipo mwana wa ku Phwezi amene akanazikonda kwambiri sangazione popanda intaneti imene makolo ake sangaikwanitse. Zambezi Magic, njira ya kanema ya MultiChoice imene inatsegulidwa mu 2015, igula nkhani za kumwera kwa Africa kuno, ndipo sukulu ya MultiChoice ya luso la kanema ku Lusaka imalandira Amalawi. Khomo limenelo ndi loyenera kugogoda. Alipo mabungwe a chitukuko, amene anasunga masewero athu ambiri, monga momwe ADRA inachirikizira Tikuferanji kwa zaka zochuluka. Koma walira mvula walira matope, pakuti wopereka ndalama afuna uthenga wake umveke, ndipo ngwazi imene iima pakati pa nkhondo kuti iphunzitse za kusamba m'manja yafa kale, ngakhale mdani sanaikhudze. Potsiriza pali YouTube ndi Facebook, kumene anthabwala achinyamata apezera dzina, ndipo dzinalo ndilo likopa makampani otsatsa malonda.

Anzathu a ku Uganda anasonyeza njira ina. Isaac Nabwana, wa ku Wakaliga mu mzinda wa Kampala, anajambula Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zimene zinenedwa kuti sizinapitirire madola 200, ndi mfuti zosula ku zitsulo zotayidwa ndi kompyuta yolumikiza yekha. Ndipo m'malo molimbana ndi womasulira wanthabwala, anamulowetsa m'kati mwa filimuyo, kotero kuti mawu ake ndiwo anaitchukitsa kunja. Ochita seweromo ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa, mofulumira, okopera asanawapeze. Mlembi wa kwathu aphunzirepo kuti umphawi wa zipangizo, pa sewero loseketsa, suyenera kubisidwa. Chovala cha ngwazi chosokedwa ndi telala wa pa Mhuju kuchokera ku chiguduli cha fodya chiseketsa kuposa chimene angabwereke ku Johannesburg, ndipo sichidya ndalama.

Nanga chinenero? Anthu a m'boma la Rumphi apitirira 200,000, ndipo Chitumbuka chimveka kuchokera ku Mzimba mpaka ku Karonga ndi kutsidya kwa malire ku Lundazi ndi ku Chama. Chinachotsedwa pa wailesi ya boma mu 1968 nichibwezedwa mu 1994, ndipo njala yomva chinenero chawo pa kanema idakalipo pakati pa eni ake, kuno ndi ku South Africa kumene ambiri agwira ntchito. Chichewa chifika patali kuposa apo. Ine sindiona chifukwa chosankhira chimodzi, pakuti pa Phwezi pomwe zonse ziwiri zimveka tsiku ndi tsiku: gogo alankhule Chitumbuka chozama, wapolisi wochokera ku Dedza ayankhe m'Chichewa, mphunzitsi aponyemo Chingerezi chimene palibe wachipempha, ndipo kusamvana kwawo kukhale mbali ya chiseko.

Chigamulo changa pa sewero lotere, likakhala lalembedwa monga tafotokozera, n'chakuti mwa ilo lokha n'lamphamvu, mwina kuposa nkhani zachisoni zimene tazolowera. Koma pa malonda n'lofooka ngati filimu imodzi yaitali, ndipo n'lodalirika ngati tizigawo tatifupi, ta mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, timene foni ikhoza kutinyamula ndipo wotsatsa malonda akhoza kutilipirira chimodzichimodzi. Mlembiyo akalembetse ntchito yake ku COSOMA asanaionetse kwa munthu aliyense wa ndalama, ndipo akaitengere chilolezo ku bungwe la boma lounika makanema isanaonetsedwe pagulu. Zigawo zoyamba zikatha, asazitulutse pa Januwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe ndipo ndalama yonse yapita ku fizi ndi feteleza. Adikire miyezi ya msika wa fodya, abwereke jenereta ndi pulojekita, ayambire m'maholo a sukulu ndi a mipingo pa Mhuju, pa Phwezi ndi pa Boma la Rumphi, atolere ndalama pakhomo kwa masabata angapo, ndipo wobena aipeze pambuyo pake.